Mawu a ku Mbombwe ali pa mphindi iti?

Chaka chilichonse pa 15 January, makamera amachuluka ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Atolankhani a wailesi za kanema, achinyamata a mumpingo ndi alendo ochokera kutali amajambula mapemphero okumbukira Mbusa John Chilembwe pa likulu la Providence Industrial Mission, lomwe ambiri amangoti PIM. Mwambo ukatha, ena amatsalira n'kukhala pamthunzi ndi akuluakulu a m'midzi yozungulira, kuwafunsa zomwe adamva kwa makolo awo za kuukira atsamunda kwa mu 1915.

Wojambula mmodzi akhoza kubwerera ku Blantyre madzulo ake atasenza kanema wa maola asanu. Zomwe anthu adzaone pa nkhani za usiku ndi mphindi ziwiri kapena zitatu. Zotsalazo zimakagona m'kompyuta, ndipo pakatha chaka ngakhale mwini wakeyo sangaloze pomwe gogo uja adatchula dzina la mudzi womwe asilikali adautentha. Mawuwo alipo ndithu, koma kuti munthu awapeze ayenera kuonera kanema yense kuyambira pachiyambi. Ndi ochepa omwe ali ndi nthawi yotero.

Pali ntchito ina yosaoneka, yosatchuka, yomwe imathetsa vutoli: kulemba papepala mawu onse oyankhulidwa m'kanema, ndi kuika pambali pa chiganizo chilichonse nambala yosonyeza nthawi yeniyeni yomwe chidayankhulidwa. Nambalayi akatswiri amaitcha timecode.

Kuti timecode imveke, pafunika kukumbukira kuti kanema ndi zithunzi zosayenda zomwe zimaonetsedwa mondondozana mwaliwiro kotero kuti diso limanyengeka n'kuona ngati zikuyenda. Wailesi za kanema za kuno, monganso za ku Britain ndi South Africa, zimatsata dongosolo la zithunzi 25 pa sekondi imodzi. Ndiye kuti mu ola limodzi la kanema muli zithunzi 90,000. Timecode imapatsa chithunzi chilichonse nambala yakeyake ya magawo anayi: ola, mphindi, sekondi ndi chithunzi. Munthu akaona 01:14:22:10 amadziwa kuti ndi ola loyamba, mphindi 14, masekondi 22, ndi zithunzi 10 pamwamba pake. M'kanema yemweyo mulibe chithunzi china chokhala ndi nambala imeneyo. Lusoli lidayambira ku America cha mu 1967, pomwe amisiri ankavutika kudula matepi a kanema omwe zithunzi zake sizioneka ndi maso monga zimaonekera pa filimu, ndipo pambuyo pake bungwe la SMPTE lidakhazikitsa kalembedwe kamodzi komwe dziko lonse limatsata mpaka lero.

Mlembi amavala mahedifoni, amatsegula kanema, amamvetsera masekondi angapo, amaimitsa, amalemba, amabwereza. Woyankhula akasintha, kapena akayamba mfundo ina, mlembi amayamba mzere watsopano ndi nambala yake. Mzere umodzi, mwachitsanzo chabe, ukhoza kuoneka motere:

Mbombwe 03, 00:14:22:10. Gogo wamkazi: Amayi anga ankanena kuti usiku umenewo anthu adathawira kuphiri.

Dzina la fayilo lili patsogolo chifukwa makamera ambiri, ndipo mafoni onse, amayamba kuwerenga pa ziro nthawi iliyonse munthu akadina batani lojambulira. Kulemba kuti "mphindi 14" popanda kunena kuti ya fayilo iti kuli ngati kulemba nambala ya nyumba osatchula dera.

Ntchitoyi ndi yowawa msana. Odziwa amawerengera kuti ola limodzi la mawu omveka bwino limadya maola anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti lilembedwe. Apo ndi pomwe munthu mmodzi akuyankhula m'chipinda chopanda phokoso. Kumudzi zinthu sizikhala chomwecho. Tambala amalira, chigayo chikugunda kuseri, njinga yamoto yadutsa, mdzukulu walowerera kuti akonze zomwe agogo anena, ndipo agogowo mano adatha. Zikatere maola amawonjezekera.

Nanga bwanji munthu adzivutitse chonchi? Yankho loyamba ndi la nthawi ndi ndalama. Maso amawerenga mofulumira kuposa momwe pakamwa pamayankhulira. Mkonzi yemwe ali ndi zolemba m'manja akhoza kuwerenga zokambirana za ola lathunthu m'kanthawi kochepa, n'kuchonga ndi cholembera ziganizo zomwe akuzifuna, n'kuzisanja papepala kuti ichi chiyambe, ichi chitsatire. Filimu yonse imamangidwa papepala kompyuta isanayatsidwe n'komwe. Akafika pa makina odulira ndi kulumikizira, amangolemba nambala ija ndipo kanema amalumphira pomwepo. M'dziko lomwe magetsi amazima osatsanzika ndipo situdiyo yobwereka imalipitsa pa tsiku, kusiyana kwake kumaoneka m'thumba.

Zolemba zomwezo ndi zomwe zimasanduka mawu oyenda m'munsi mwa kanema, othandiza anthu osamva komanso osadziwa chiyankhulocho. Mafayilo a mawu oterewa, monga otchedwa SRT omwe YouTube ndi Facebook zimalandira, si kanthu kena koma ziganizo zokhala ndi nthawi yoyambira ndi nthawi yothera.

Koma yankho lachiwiri ndi lomwe likukhudza Chiradzulu kwambiri, ndipo silikhudza ndalama.

Mbiri ya Chilembwe ndi mbiri ya mawu omwe adadutsa m'manja ambiri. Iye adabwerera kuchokera ku Lynchburg, Virginia, n'kuyambitsa PIM mu 1900. Usiku wa pa 23 January 1915 anthu ake adaukira likulu la minda ya A. L. Bruce ku Magomero, komwe adapha William Jervis Livingstone, kapitawo yemwe anthu ankamudandaula chifukwa cha nkhanza za thangata. Pa 3 February Chilembwe adaphedwa akuthawira chakumalire a Mozambique, ndipo tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe chidagumulidwa. Pali makalata ake ndi zithunzi zake zochepa, kuphatikizapo cha mu 1914 chomwe Samson Kambalu adatengerapo chiboliboli chomwe chidaimikidwa ku Trafalgar Square mumzinda wa London mu 2022. Koma zomwe adauza anthu ake asanapite kunkhondo zidafika kwa ife kudzera mwa George Simeon Mwase. Mwase sadalipo pa msonkhanowo. Adazimva kwa Wallace Kampingo, mmodzi mwa otsatira Chilembwe, ali kundende ya Zomba, n'kuzilemba m'Chingerezi cha mu 1932, patadutsa zaka pafupifupi 17. Zolembazo zidasindikizidwa mu 1967 ndi Robert Rotberg.

Boma la atsamunda nalo lidakhazikitsa komiti yofufuza za kuukirako m'chaka chomwecho cha 1915. Mafumu, aphunzitsi, amishoni ndi eni minda adaperekera umboni. Wolemba mbiri John McCracken adasonkhanitsa umboniwo m'buku lomwe lidatuluka mu 2015. Ndi chuma chamtengo wapatali, komabe zonse zili m'Chingerezi. Mboni yomwe inkayankhula Chinyanja kapena Chiyao idadutsira kwa womasulira, womasulira kwa mlembi, ndipo mawu enieni omwe adatuluka pakamwa pake adauluka ndi mphepo. Palibe yemwe lero angabwerere n'kukamvetsera kuti aone ngati womasulirayo adapeputsa kapena adakometsa.

Kamera idabwera kudzatseka mpata umenewu. Chodabwitsa n'chakuti mpatawo umatsegukanso mosavuta. Gulu lojambula likachokera kunja, kapena likamagwirira ntchito bungwe lomwe malipoti ake ndi a m'Chingerezi, chizolowezi n'chakuti womasulira amamvetsera Chichewa n'kulemba Chingerezi nthawi yomweyo. Mkonzi, yemwe mwina sadziwa ngakhale liwu limodzi la Chichewa, amadula kanema potsata Chingerezicho. Apa ndi pomwe zinthu zimapindika. Chiganizo cha Chichewa sichiyenda ngati cha Chingerezi. Liwu limodzi lakuti "sadandiuze" limafuna mawu asanu kapena kuposera m'Chingerezi, ndipo kukana konse kwagona pa phatikizo loyamba lokha. Mkonzi wodula mosadziwa akhoza kusiya munthu ali pakati pa ganizo, kapena kumulumikizira mathero a nkhani ina. Woonera wa ku London sadzazindikira. Wa ku Namitambo adzamva kuti agogo akuyankhula zosagwirizana, ndipo manyazi adzagwera agogowo, osati mkonzi.

Njira yolongosoka ndi ya mizati itatu: nambala ya nthawi, mawu m'chiyankhulo chomwe adayankhulidwira, kenaka kumasulira. Mzati wapakatiwo ndi womwe umadumphidwa kawirikawiri poti umaoneka ngati wongotayitsa nthawi. Ndiwo umboni weniweni.

Ku Chiradzulu mzatiwu uli ndi zovuta zakezake. Bomali ndi la Alomwe ambiri, omwe makolo awo adalowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 n'kukhala pa minda ya azungu, komanso la Ayao ndi Anyanja. Wachikulire akhoza kuyamba nkhani m'Chinyanja, n'kufika pa nyimbo kapena pa mawu omwe agogo ake ankanena, n'kutembenukira ku Chilomwe, kenaka n'kubwereranso. Mlembi wobadwira ku Lilongwe akakumana ndi zotere amayesedwa kulemba kuti "sizikumveka" kapena kungodumpha. Chikhalirecho mwina pomwepo ndi pomwe pali mtima wa nkhani. Choyenera ndi kuika nambala yoyambira ndi yothera, kulemba kuti apa ndi Chilomwe, n'kukafuna wochidziwa. Popanda nambalazo, wodziwa Chilomweyo sangathandize pokhapokha ataonera kanema yense.

Palinso chiyeso chokonza chiyankhulo cha anthu. Chinyanja cha kummwera chili ndi mawu ndi katchulidwe kosiyana ndi Chichewa cha m'mabuku a sukulu. Mlembi wophunzira amafuna kuwongola, kuti zolemba zake zioneke zaukhondo. Akatero wafufuta chizindikiro cha kwawo kwa woyankhulayo, ndiponso wasokoneza mkonzi, yemwe adzasaka liwu lomwe lili papepala koma m'kanema mulibe. Malamulo a kalembedwe, omwe bungwe la Centre for Language Studies ku Zomba limayang'anira chitsekedwereni Chichewa Board, ndi othandiza kuti alembi awiri alembe liwu limodzi mofanana. Apo ayi kusaka pakompyuta kumaphonya. Koma malamulowo ndi a momwe liwu lilembedwere, osati a liwu lomwe munthu amayenera kunena.

Ndipo pepala lili ndi malire ake. Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo ndi kukwera kapena kutsika kwa mawu, zomwe kalembedwe ka tsiku ndi tsiku sikaonetsa. "Mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, monganso "khungu" la pathupi ndi "khungu" la maso. Pepala silionetsa kuti munthu adanena moseka kapena misozi ili m'maso, silionetsa dzanja lomwe lidaloza kuphiri pomwe pakamwa padangoti "uko". Mlembi wabwino amalemba zoterezi pambali. Ngakhale atatero, zolembazo sizilowa m'malo mwa kanema. Ntchito yake ndi kulondolera munthu pomwe ayenera kukaonera yekha, ndipo chomwe chimalondolera ndi nambala ija.

Pali kachinthu kena kakang'ono komwe akonzi amakonda kudula poti kamadya masekondi: mawu ngati "akuti", "ndidamva kuti", "agogo anga ankanena kuti". Pa nkhani ya 1915 timawu timeneti ndi tofunika kuposa china chilichonse. Papita zaka zoposa 100. Palibe yemwe ali moyo lero adaona nkhondoyo ndi maso. Aliyense woyankhula akupereka zomwe adalandira. Mkonzi akachotsa "ankanena kuti" m'chiganizo cha gogo uja, chotsala n'chakuti "usiku umenewo anthu adathawira kuphiri", ndipo mbiri yongomva yasanduka umboni wa woona. Kudula kwa sekondi imodzi kwasintha kulemera kwa nkhani yonse. Choipa kuposa apa ndi kutenga theka la yankho la funso lina n'kulilumikiza ku theka la yankho la funso linanso, n'kuphimba msokowo ndi chithunzi cha tchalitchi kapena cha phiri la Chiradzulu kuti woonera asaone pomwe padulidwa. Luso lake ndi losavuta, ndipo pamakhala povuta kugwira wochita zotere.

Pokhapokha pali zolemba za timecode. Mkulu wa nkhani, kapena wachibale wa woyankhulayo yemwe wabwera kudzadandaula, akhoza kuika zolemba zoyambirira pambali pa filimu yomalizidwa n'kuona kuti chiganizo chidayamba pa mphindi 14 koma chidathera pa mphindi 41. Zolembazi zimateteza wofunsidwa kwa mkonzi wosakhulupirika, zimatetezanso mtolankhani woona mtima kwa wandale yemwe mawa adzakane kuti sadanene.

Ambiri adzafunsa ngati makompyuta a masiku ano sangagwire okha ntchitoyi. M'Chingerezi akugwira kale. Mapulogalamu odulira kanema monga Adobe Premiere Pro ndi DaVinci Resolve tsopano amamvetsera mawu, amawalemba, n'kumangirira liwu lililonse ku nthawi yake, moti mkonzi akafufuta chiganizo pa zolembazo, kanema nayenso amaduka pomwepo. Chichewa chidakali panja. Pulogalamu yotchuka ya Whisper, yomwe kampani ya OpenAI idatulutsa mu 2022, imadziwa ziyankhulo pafupifupi 100, kuphatikizapo Chiswahili ndi Chishona, koma Chichewa palibe pa mndandandawo. Kampani ya Meta mu 2023 idatulutsa makina omvetsera ziyankhulo zoposa 1,100, koma mbali yaikulu ya zomwe adaphunzirira ndi mawu a anthu owerenga Chipangano Chatsopano. Munthu wowerenga Baibulo mofatsa m'situdiyo ndi wosiyana kutali ndi gogo wa ku Nguludi yemwe akusimba nkhani akusenda chimanga. Ofufuza a ku University of Zambia nawo adasonkhanitsa mawu a Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chilozi pansi pa ntchito yotchedwa Zambezi Voice.

Makinawa amaphunzira pomva mawu omwe ali kale ndi zolemba zake zolondola, zomangiriridwa ku nthawi. Choncho zomwe zikusowa kuti kompyuta idzathe kulemba Chichewa cha kumudzi ndi ntchito yomweyi yomwe anthu akuyembekeza kuti kompyuta iwapumitse. Pakadali pano, makina akalemba, munthu ayenera kumvetseranso mzere ndi mzere, makamaka pa mayina. Kompyuta yomwe sidamvepo za Mbulumbuzi kapena Kadewere siinena kuti sikudziwa. Imangolemba liwu lina lofanana nalo, mosakayika konse.

Kwa yemwe alibe ndalama zolembera zonse, pali njira yapakati. Bungwe la Shoah Foundation, lomwe Steven Spielberg adayambitsa mu 1994, lidajambula maumboni oposa 50,000 a anthu omwe adapulumuka kapena kuona kuphedwa kwa Ayuda pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Kulemba liwu ndi liwu kukadatenga mibadwo. M'malo mwake adagawa makanema ambiri m'zigawo za mphindi imodzi imodzi, n'kulemba mayina a anthu, malo ndi mitu ya nkhani yomwe ikutchulidwa m'mphindi iliyonse. Wachinyamata wa mumpingo yemwe ali ndi foni ndi kope la sukulu akhoza kuchita chimodzimodzi: mphindi 3, za thangata; mphindi 9, dzina la mudzi; mphindi 17, nyimbo ya Chilomwe. Ofuna kupitirira apo ali ndi mapulogalamu aulere monga ELAN, yomwe idapangidwa ndi Max Planck Institute ku Nijmegen m'dziko la Netherlands kuti akatswiri a ziyankhulo azimangirira zolemba ku kanema, mzere wina wa chiyankhulo chenichenicho, wina wa kumasulira.

Pali misampha ingapo ya luso yomwe imagwetsa ngakhale odziwa. Mafoni ambiri amajambula zithunzi pafupifupi 30 pa sekondi, ndipo liwirolo limasinthasintha malingana ndi kuwala. Kanema wotere akasinthidwa kuti agwirizane ndi wa kamera ya zithunzi 25, nambala za zithunzi zimasuntha. Kanema wodutsa pa WhatsApp amafinyidwa, ndipo wina akadulako chiyambi chake nambala zonse za mlembi zimasokonekera. N'chifukwa chake akonzi osamala amapatsa mlembi kope lomwe timecode idadindidwa pa chithunzi penipeni, yooneka ndi maso ngati wotchi pakona, ndipo fayilo yoyambirira saikhudza kapena kuisintha dzina. Mawu akajambulidwa pa makina apadera, kuwomba m'manja kamodzi pamaso pa kamera poyamba kumapereka poyambira pomwe mawu ndi zithunzi zidzalumikizidwire.

Zolemba zilinso ndi ngozi yake. Zomwe zidabisika m'kati mwa kanema wa maola asanu zimapezeka m'sekondi imodzi zikangolembedwa. Ku Chiradzulu, komwe bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo mu 2001, komanso komwe namondwe wa Freddy adakokolola mudzi wa Ntauchira kwa T/A Likoswe mu March 2023, anthu ambiri ayankhulapo pamaso pa kamera za matenda awo ndi maliro awo. Yemwe adavomera kujambulidwa tsiku limenelo mwina sadaganize kuti dzina lake ndi mawu ake zidzakhala pa pepala lomwe lingatumizidwe kwa aliyense. Chilolezo chiyenera kunena za zolembazo, ndipo pomwe munthu wapempha kuti mbali ina isatuluke, timecode yomweyo ndi yomwe imasonyeza poyambira ndi pothera mbali yoletsedwayo.

Landeg White, polemba buku la mbiri ya mudzi wa Magomero lomwe lidatuluka mu 1987, adakhoza kucheza ndi okalamba omwe ankakumbukira moyo wa pa minda ya Bruce. Mbadwo umenewo udapita. Koma mbiri ya Mbombwe sidathere mu 1915. Dr Daniel Sharpe Malekebu, yemwe adaphunzira udokotala ku Meharry Medical College ku America, adatsegulanso PIM mu 1926 n'kuitsogolera kwa zaka zambiri mpaka ukalamba. Adamwalira mu 1978. Omwe adabatizidwa ndi iye, omwe adaphunzira pa sukulu zake kapena kulandira mankhwala m'manja mwake, ena akadali moyo m'midzi ya ku Chiradzulu, ndipo ambiri adutsa zaka 70. Awa akamayankhula safunika kuyamba ndi "akuti". Ena mwa iwo adajambulidwa kale, mwina kangapo, pa 15 January wa zaka zosiyanasiyana, ndipo mawu awo ali m'makompyuta a ku Blantyre ndi Lilongwe, m'mafayilo omwe mayina ake ndi manambala omwe kamera idapereka yokha.